Zimene mwauza adivogadu zimathera pati? Malangizo kwa amene ali ndi mlandu kuno ku Tete

Anthu ambiri kuno kwathu, kaya ku Angónia, Tsangano, Macanga ngakhale mu tauni ya Tete momwemo, akapita kwa adivogadu, loya woimira anthu pa milandu, amakamba nkhani yawo theka. Amaopa kuti akanena zonse mawa azimva kwa juizi kapena kupolisi. Koma munthu yemweyo akangotuluka mu ofesi muja n'kukwera shapa, nkhani yonse imene anabisa ija akuifotokoza pa foni mokweza, shapa yonse ikumva. Nde zinthu zatembenuka, pamene lamulo likukutetezani mwatseka pakamwa, pamene palibe chokutetezani mwatsegula. Izi zimandiwawa chifukwa milandu yambiri imaonongeka pamenepa isanafike n'komwe pamaso pa woweruza.

Dziwani kaye kuti kusunga chinsinsi cha zimene mwamuuza si chifundo cha adivogadu ayi, ndi lamulo. Malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique a 2004, pa ndime 63, amanena kuti mapepala, makalata ndi zinthu zimene mwasungitsa kwa adivogadu wanu sizigwiridwa mwachisawawa, komanso kuti iye ali ndi ufulu wolankhula nanu panokha ngakhale muli m'ndende. Ndiye pali lamulo la bungwe lawo, Ordem dos Advogados de Moçambique, Lei 28/2009, limene limamukakamiza kusunga chinsinsi cha ntchito yake. Tiyeni tione mmene mungachitire kuti chitetezo chimenechi chikugwirireni ntchito, komanso pamene chimathera, poti chili ndi malire ake.

Choyamba, onetsetsani kuti munthuyo ndi adivogadu weniweni

Apa ndi pamene ambiri amagwera asanayambe. Pafupi ndi makhothi ndi maofesi a boma pamakhala anthu ovala bwino, chikwama m'manja, Chipwitikizi chakuthwa, amene amalemba marekerimentu n'kumalonjeza kuti amadziwana ndi a m'katimo. Ena amathandizadi kulemba kalata, sindikukana. Koma ngati munthuyo sanalembetse ku Ordem, zimene mwamuuza zilibe chitetezo cha lamulo limeneli, akaitanidwa ngati mboni ayenera kulankhula basi, ndipo palibe bungwe loti lingamulande chiphaso poti chiphasocho alibe.

Nde musachite manyazi, mufunseni akuonetseni karitela yake ya ntchito, chiphaso chochokera ku Ordem chokhala ndi nambala. Adivogadu weniweni sakhumudwa ndi funso limeneli. Ngati ndalama palibe pitani ku IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira pa milandu anthu osauka mwaulere, ali ndi ofesi mu Tete ndi m'maboma. Oimira anthu a kumeneko nawonso ntchito yawo imawakakamiza kusunga chinsinsi, musamaganize kuti poti ndi zaulere ndiye kuti nkhani yanu ili pa mtetete.

Amfumu, anyakwawa, a sekeretariyu a bairo, oweruza a ku khothi la m'mudzi, onsewa ndi anthu ofunika ndipo milandu yambiri ya malire a munda ndi ya banja imathera kwa iwo bwinobwino. Koma sali pansi pa lamulo limeneli. Zimene mwavomera pa bwalo mwavomera pagulu.

Chachiwiri, sankhani wolowa naye mu ofesi

Ife pa chikhalidwe chathu munthu sapita yekha ku mlandu. Amapita ndi malume ake, mwinimbumba, nthawi zina ankhoswe ngati ndi nkhani ya banja, kapena mnansi amene anaphunzira pang'ono kuti azimasulira. N'zabwino, ndipo nthawi zambiri ndi malume omwewo amene agulitsa matumba a mbatatesi kuti ndalama ya adivogadu ipezeke. Koma chinsinsi chimamanga adivogadu yekha ndi anthu a mu ofesi yake, sichimanga malume, sichimanga mnansi. Aliyense amene wakhala pa mpando n'kumva nkhani yonse angathe kuitanidwa kukachitira umboni wa zimene anamva.

Ena anena kuti nanga si wachibale angathe kukana kuchitira umboni. Zoona, pa milandu yaupandu achibale apafupi kwambiri monga mkazi kapena mwamuna wako, kholo kapena mwana, lamulo limawalola kukana. Koma taonani bwino, ufulu umenewo ndi wawo, si wanu. Lero muli pa chikondi akana, chaka chamawa banja lagwedezeka kapena mwakangana za munda wa malemu, iwo eni asankha kulankhula ndipo simungawaletse. Milandu yathu imatenga nthawi, ubale umasintha mlandu usanathe.

Ndiye chitani chonchi. Lowani nonse, perekani moni, malume afotokoze mbali yawo ndi nkhani ya malipiro, kenako inu munene mwaulemu kuti, "Malume, ndikupempha mundidikireko panja pang'ono, pali zina ndikufuna ndiwafunse a adivogadu pandekha, tikatha akuitanani akufotokozereni pamene tafika." Ngati pakamwa panu palemera kunena zimenezi kwa akuluakulu, muuziretu adivogadu pa foni kuti iye ndi amene apemphe. Amadziwa kunena kwake ndipo palibe amene angakhumudwe.

Nkhani ya chiyankhulo njovutirapo. Khothi limayenda m'Chipwitikizi, ndipo si adivogadu aliyense amamva Chichewa kapena Chinyungwe. Ngati pakufunika womasulira, pemphani kuti achokere mu ofesi ya adivogaduyo, munthu wogwira ntchito pansi pa udindo wake, osati mnyamata wa pa mudzi amene madzulo akakhala pa baraka ndi anzake. Ndipo ngati mlandu mwagwidwa awiri kapena atatu, monga zimakhalira pa nkhani za ng'ombe, musamakambe zonse pamodzi poganiza kuti muli mbali imodzi. Mnzanu wa lero angathe kudzapulumukira pa inu. Funsani poyera ngati adivogadu mmodzi angakuimireni nonse, chifukwa nkhani zanu zikayamba kutsutsana sayenera kutero.

Chachitatu, mukatsala awiri nenani zonse

Zonse ndithu, ndi zochititsa manyazi zomwe. Ngati munasaina pepala, nenani kuti munasaina. Ngati fodya wa pa kontirakiti munagulitsako kwina, nenani. Ngati tsiku limenelo munalidi pamalopo, nenani, musadikire kuti adivogadu wanu akazimvere kwa mboni ya mbali inayo ali chiimire pamaso pa juizi, pamenepo sangakonzenso kanthu. Iye akadziwa choonadi amadziwa poti ateteze, poti akhale chete, ndi poti akulangizeni kuti kuli bwino mugwirizane kunja kwa khothi. Lamulo la chinsinsili analiikira zimenezi, kuti munthu athe kulankhula ndi womuteteza mopanda mantha.

Chimene ambiri sadziwa n'choti chinsinsi chimayamba pa mawu oyamba. Ngakhale musanalipire metikali imodzi, ngakhale musanasaine purokurasau, kalata yomupatsa mphamvu yokuimirani, ngakhale atamva nkhani yanu n'kunena kuti pepani mlandu uwu sinditenga, zimene wamvazo wamangidwa nazo. Sizitengera kuti nkhaniyo ipita ku khothi kapena mwangobwera kudzafunsa nzeru za DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito munda wanu. Chimakhudzanso mapepala amene mwamupatsa, ndi zimene a mbali inayo anamuuza pa nthawi yokambirana kuti mugwirizane mwamtendere. Apa mvetsani, zikutanthauza kuti kukambirana kukalephereka, simungamutume adivogadu wanu kuti akaime ngati mboni n'kunena kuti uje anavomera ngongole tili pa tebulo. Zimawawa ukakhala mbali yodandaula koma n'zimene zimachititsa kuti anthu azilimba mtima kukambirana.

Chimodzi chokha, nkhaniyo ikhale kuti mwamuuza ngati adivogadu. Mukakumana pa maliro kapena pa mpira n'kumacheza pagulu, inu n'kumaponyamo za mlandu wanu, mwasokoneza nokha zinthu. Mupempheni nthawi, mukakhale pansi.

Chachinayi, ngati mwamangidwa

Mukatsekeredwa ku esikwadira kapena mwatengedwa ndi a SERNIC ofufuza milandu yaupandu, mutu umazungulira ndipo munthu amafuna kulankhula kuti mwina amumvera chisoni. Dekhani. Perekani dzina lanu ndi zokhudza inu moona, koma pa za mlanduwo muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo nenani momveka kuti mukufuna womuteteza. Lamulo limati womangidwa akaonekere kwa juizi pasanathe maola 48.

Adivogadu kapena wa ku IPAJ akafika, ndime 63 ija ikuti mulankhulane panokha, kaya ndi ndende wamba kaya ya asilikali. Ngati wapolisi waima pa khomo pomwepo moti akumva chilichonse, musayambe nkhani, muuzeni adivogadu monong'ona kuti simuli omasuka, ndi ntchito yake kupempha malo. Kuona angathe kukuonani patali chifukwa cha chitetezo, koma kumva ayi.

Ndipo m'selo musakambe za mlandu wanu. Usiku ndi wautali, anzanu a m'katimo amafunsa mwachifundo kuti mwalakwa chani achimwene, ndipo mtima umafuna kupepukidwa. Amene mwagona naye pa simenti sali pansi pa lamulo lililonse la chinsinsi. Chimodzimodzi achibale obwera ndi chakudya, auzeni za mankhwala anu, za ana, za mbuzi, za mlandu asiyireni adivogadu.

Chachisanu, samalani foni ndi mapepala

Masiku ano chinsinsi chambiri chimathawira pa WhatsApp. Adivogadu wakutumizirani voisi yofotokoza pamene mlandu wanu uli wolimba ndi pamene uli wofooka, inu mwasangalala, mwaitumiza ku gulupu ya banja kuti abale a ku Joni ndi a ku Lilongwe amve kuti zikuyenda. Mu gulupumo muli mlamu amene amamwera limodzi ndi munthu amene mukulimbana naye. Basi, mbali inayo yadziwa pofooka panu, ndipo simungaloze adivogadu chala poti waulula ndinu. Madzi akatayika saoleka.

Nde malangizo a adivogadu musawatumize kwa wina aliyense, musajambule sikirini, musaike pa Facebook ngakhale mwakwiya chotani. Ngati foni mumabwerekana pa nyumba, kapena mumakaisiya kotchajitsa ku msika tsiku lonse, ikani pasiwedi kapena muuzeni adivogadu kuti nkhani zolemera muzikambirana pamaso. Amene mumagwira ntchito m'makampani, monga a ku migodi ya malasha ku Moatize, ngati mlandu wanu ndi wa ntchito musalembere adivogadu pa imelo ya kampani kapena pa kompyuta ya ku ofesi, zimenezo ndi za bwana amene mukulimbana nayeyo. Pokopetsa mapepala pa fotokopi imani pomwepo, tengani ndi mapepala olakwika omwe, musawasiye m'bini.

Mukamapereka mapepala enieni kwa adivogadu, monga DUAT, kontirakiti kapena malisiti, lembani mndandanda asaine, inu musunge makope. Ofesi yake ndi malo otetezedwa kwambiri kuposa nyumba yanu. Apolisi sangangolowa n'kuyamba kufufuza m'mafayilo, pamafunika chilolezo cha juizi, ndipo pofufuzapo payenera kukhala juizi amene walamulayo, adivogadu mwiniwake ndi nthumwi ya Ordem, komanso pakhale zizindikiro zoti adivogaduyo ndi amene wapalamula mlandu wa chilango choposa zaka ziwiri kundende.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani pamene chinsinsi sichifika

Apa ndilankhule mosabisa chifukwa ena amaganiza kuti adivogadu ndi dzenje lokwiriramo chilichonse. Ayi.

Chinsinsi chimateteza zimene mwakambirana, sichifafaniza zimene zinachitika. Ngati ng'ombe inaoloka malire usiku ndipo pali anthu anaiona, apolisi ali ndi ufulu wofunsa anthuwo. Ngati ndalama inadutsa pa M-Pesa kapena ku banki, umboni uli komweko ndipo khothi lingathe kuuitanitsa. Kuti mwauza adivogadu sikutseka njira zinazo.

Chinthu chimene chili mlandu weniweniwo, monga chikalata chachinyengo kapena katundu wakuba, sichisanduka chopatulika chifukwa mwakachisiya mu ofesi ya adivogadu. Adivogadu wanzeru sangachilandire n'komwe.

Ndiye pali kusiyana kwakukulu pakati pa zimene munachita kale ndi zimene mukufuna kuchita. Mukanena kuti ndinamenya munthu dzulo, ndithandizeni, imeneyo ndi ntchito yake ndipo atseka pakamwa. Koma mukanena kuti ndithandizeni kupeka chikalata choti munda wa mwana wamasiye ukhale wanga, kapena tipeze njira yomunyengerera mboni ndi ndalama, pamenepo simukufuna chitetezo, mukufuna mnzanu wopalamula naye, ndipo akavomera nayenso ndi wopalamula, mpamene ofesi yake ingafufuzidwe monga ndanenera. Sangakuthandizeninso kunama m'khothi. Mukamuuza choona kenako n'kumukakamiza kuti abweretse mboni zabodza, angathe kusiya mlandu wanu, ngakhale kuti zimene munamuuzazo apitiriza kusunga.

Amalonda mumve izi. Dziko lathu litaikidwa mu 2022 pa mndandanda wa maiko oyang'aniridwa pa nkhani ya ndalama zobedwa ndi zachinyengo zimene anthu amazibisa m'mabizinesi, malamulo anakhwimitsidwa, ndipo pano pali Lei 14/2023. Adivogadu akamakuthandizani kugula kapena kugulitsa nyumba, kutsegula kampani kapena kusunga ndalama zanu, ayenera kudziwa kuti ndinu ndani ndipo ndalamazo zachokera kuti, ndipo zikakhala zokayikitsa lamulo limafuna kuti zidziwike ku GIFiM, ofesi ya boma yoona za kayendedwe ka ndalama. Izi n'zosiyana ndi pamene akukutetezani pa mlandu m'khothi. Nde akakufunsani chiphaso chanu cha BI ndi gwero la ndalama musamuone ngati kazitape.

Chachisanu ndi chiwiri, ndani angatsegule chinsinsichi

Apa ndikhalitsepo chifukwa ife a m'malire timakhala ndi milandu mbali zonse ziwiri. Wina katundu wake wagwidwa pa Zobwe, wina wamangidwa ku Dedza ataoloka pa Kalomwe, wina banja lake lili ku Ntcheu. Malamulo a mbali ziwirizi pa nkhaniyi safanana ngakhale chiyankhulo chathu ndi chimodzi.

Kuno ku Mozambique, malamulo athu anatengera a ku Portugal, chinsinsi chimatengedwa ngati udindo wa adivogadu pa ntchito yake, wokhudza anthu onse osati inu nokha. Inu eni nkhani yanu mungathe kuikamba kulikonse, palibe wokuletsani. Koma kuti adivogadu atsegule pakamwa pake, mawu anu okha oti ndakulolani sakwanira. Ayenera kupempha kaye chilolezo ku Ordem, ndipo chimaperekedwa pokhapokha ngati kuulula kuli kofunikiradi poteteza ulemu, ufulu kapena zoyenera za inu kapena za iye mwini, ndiponso amaulula gawo lofunikalo lokha. Chitsanzo chodziwika n'choti mwamusumira kuti anakuonongerani mlandu, kapena mukukana kumulipira mukuti sanagwire ntchito. Pamenepo angapemphe chilolezo kuti adziteteze, nde musanamusumire dziwani kuti mwina zina zimene munakambirana zidzatuluka.

Njira ina ndi ya khothi. Pa milandu yaupandu, malinga ndi malamulo a kazengedwe ka milandu a 2019, adivogadu akaitanidwa ngati mboni angathe kukana kuyankha zokhudza chinsinsi. Juizi amaona ngati kukanako kuli koyenera, ndipo ngati kuli koyenera koma umboniwo ukuoneka wofunika kwambiri, nkhani imakwera ku khothi lapamwamba kuti liyeze mbali zonse, atamvanso maganizo a Ordem. Si chinthu choti wapolisi kapena purokuradori, woimira boma pa milandu, angolamula pa tebulo pake.

Ku Malawi malamulo a nkhaniyi anachokera ku England, ndipo kumeneko chinsinsi ndi chuma cha kasitomala. Mwini ndinu, loya sangachitsegule popanda inu, koma inu mungachitsegule nokha, mwadala kapena mosadziwa. Kuopsa kwake kuli pa mosadziwapo. Mukaima m'khothi n'kunena kuti ndinachita izi chifukwa loya wanga anandilangiza chakutichakuti, mukufuna kuti chikuthandizeni, a mbali inayo angathe kupempha kuti malangizo onse a pa nkhani imeneyo aonekere, simungasankhe chokoma chokha n'kubisa chowawa. Koma mukachisunga, n'cholimba zedi. Ku England kunali mlandu wa mnyamata amene anazengedwa mu 1978 pa imfa ya mtsikana wina, poyamba anavomera kenako anasintha n'kuloza bambo ake omupeza, ndipo anamasulidwa. Patapita zaka bambo aja anamangidwa pa imfa yomweyo, maloya awo n'kufuna kuona zimene mnyamatayo anauza loya wake poyamba paja. Mu 1995 House of Lords, khothi lalikulu la kumeneko nthawi imeneyo, inakana, ngakhale kuti mapepalawo akanatha kuthandiza munthu woganiziridwa kupha. Ine nkhani imeneyi imandilemera ndikaganizira bambo aja, koma ndimamvetsa chifukwa chake, khomo likatsegulidwa kamodzi palibenso amene angauze loya choona. Malamulo omwewo kuyambira mu 1884 amanenanso kuti ukapita kwa loya kuti akuthandize kuchita chinyengo kapena upandu, chinsinsi palibe.

Nde ngati nkhani yanu ikukhudza mbali zonse, muuzeni adivogadu wa kuno ndi loya wa ku Malawi, aliyense payekha, kuti kutsidya kulinso wina, ndipo musamanyamule kalata ya malangizo ya uyu kukaonetsa anthu a uko musanafunse. Alankhulane okhaokha.

Mbali iliyonse imene muli, musanaime kupereka umboni khalani pansi ndi wokutetezani mugwirizane. Akakufunsani m'khothi kuti adivogadu wanu anakuuzani chani, musathamangire kuyankha, yang'anani kwa iye aimirire atsutse funsolo.

Chachisanu ndi chitatu, chimatha liti

Sichitha. Mlandu ukatha, kaya mwawina kaya mwaluza, kaya apilo yapita mpaka ku Beira kapena ku khothi lalikulu la Tribunal Supremo ku Maputo, chinsinsi chilipobe. Mukakangana naye n'kutenga adivogadu wina, woyamba uja ndi womangidwabe, ngakhale muli naye ngongole. Akasiya ntchito, akasamukira ku Nampula, akalowa ndale, chimodzimodzi. Sangatembenukenso n'kukaimira mdani wanu pa nkhani yomweyo kapena yolumikizana nayo, mukaona zotero dandaulani msanga. Posintha adivogadu lembani kalata yopempha fayilo yanu, ipite kwa watsopanoyo mwachindunji.

Ngakhale imfa siithetsa chinsinsichi. Izi zimaonekera pa milandu ya chuma cha masiye, ana a nyumba yaikulu ndi a nyumba yaing'ono akukangana, wina n'kuthamangira kwa adivogadu wa malemu kuti atiuze zimene bambo ankanena. Sangangoyamba kufotokoza chifukwa mwana wabwera akulira pa khomo, pamafunika njira zomwe zija za chilolezo. Ku Malawi ufulu uja umapita kwa woyang'anira chuma cha malemu, ndiye amene angasankhe. N'chifukwa chake ndimati akuluakulu amene muli ndi minda, ng'ombe ndi nyumba, ngati pali zimene mukufuna ana adzadziwe musangozinong'oneza kwa adivogadu, muuzeni akuthandizeni kulemba wilo mwa lamulo, chifukwa zonong'onezazo iye adzazisunga monga mmene lamulo likumuuzira.

Chomaliza, ngati adivogadu waulula

Zimachitika, pena chifukwa cha mowa, pena chifukwa chofuna kutchuka, pena ndi kalaliki wa mu ofesi. Musathamangire kukamutukwana kapena kulemba pa Facebook, mukatero mukumwaza nokha zotsalazo. Khalani pansi mulembe tsiku, malo, amene anamva, ndi mawu amene ananenedwa, sungani mameseji ngati alipo. Dzifunseninso moona mtima ngati nkhaniyo sinatulukire kwa inu kapena kwa amene munalowa naye tsiku lija, chifukwa funso loyamba limene adzakufunseni ndi limenelo.

Mukatsimikiza, pezani adivogadu wina msanga, makamaka ngati mlandu ukadali m'khothi, chifukwa zimene adivogadu waulula mophwanya chinsinsi siziyenera kulandiridwa ngati umboni, koma pamafunika wina woti aimirire n'kutsutsa pa nthawi yake. Kenako lembani dandaulo ku Ordem dos Advogados, ali ndi mphamvu yomulanga mpaka kumuimitsa ntchito. Ngati ndi wa ku IPAJ dandaulo lipite kwa akuluakulu a ofesi yawo ya chigawo. Kuulula chinsinsi cha ntchito ndi mlandunso pa malamulo aupandu, nde mungathe kukadandaula ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, ndipo ngati mwaluza ndalama kapena katundu chifukwa cha zimenezo mungapemphe chipukutamisozi ku khothi. Dandaulo lililonse lembani makope awiri, limodzi adinde sitampa ndi deti yolandirira mubwerere nalo kunyumba.